Machunidwe a Zala Zitatu

Seattle, 9 Novembala 1991

Okondedwa achimwene Wendell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Hoquiam kumeneko, ndiponso kuti dzanja lija silikuwawa ndi kuziziraku. Ine ndilipo, kungoti mvula ya kuno yandikwana, ndipo mtima suli m'malo.

Gitala munandipatsa ija yandigwetsa m'mavuto. Mukukumbuka mmene munaichunira makina ochekera matabwa atakudulani zala ziwiri. Nsambo yaikulu munaikhwefula mpaka kumalira ngati ng'ombe, zinazo munazichuna mwanumwanu kuti chala chimodzi chizitha kugwira zonse. Ine sindinafunsepo kuti nsambo iliyonse ili pati, ndinkangoikunga pang'ono ikatsika basi. Nyimbo zonse za gulu lathu zinabadwira pamenepo.

Sabata yatha khosi la gitalayo linapindika, ndiye ndinaipititsa kwa mkulu wina wokonza magitala. Anawongola bwinobwino, koma anachotsa nsambo zanu zonenepa zija n'kuika zopyapyala, n'kuichuna monga amachunira aliyense. Akuti amandithandiza, eti gitalayo inali ngati anaichuna munthu woledzera. Ndinalira pomwepo, iye n'kumadabwa.

Nsambo zonenepa ndagula zina, koma mawu aja sakubwera. Curtis, woimba ng'oma wathu, akuti ndingokweza zokuzira mawu, anthu a kuno sasiyanitsa, bola phokoso. Ndinamuyankha kuti mutu wakewo ndi ng'oma inanso, m'kati mulibe kanthu. Koma Loweruka likudzali tikukajambula nyimbo koyamba, ndipo anzanga ayamba kunong'onezana zopeza wina m'malo mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. Musavutike kundilembera maina a mawuwo, tonse awiri sitiwadziwa. Lachinayi ndidzaimba foni kwa amayi. Inu mudzangoliza nsambo imodziimodzi pafupi ndi foni, ine ndizidzatsatira kuno.

Amayi anandiuza kuti gitala yanu inayo ili m'galaja yopanda nsambo, ndipo chichokereni ine simunaigwireponso, akuti mumati kuimba n'kwa anthu a zala zonse. Zimenezi zinandipweteka kwambiri. Ine zala ndili nazo zonse, achimwene, koma popanda zanu zitatuzo palibe chimene ndikuimba. Nsambo ndaika m'envulopu momwemu, zonenepa zimene mumakonda zija.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Joanne ndi ana onse. Foni ikadzalira Lachinayi, chonde musadzawasiye amayi kuti ayankhe okha.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Lorna