Ndadya Kale

Amayi anga, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Esinati wanu, uja munkati pakamwa pake sipatseka. Padutsa mvula ziwiri chikuikireni m'manda ndipo nkhani zachuluka, koma ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Fedisoni, anabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, kukwiya kwakenso ndi kwanu. Chimanga sichinachite bwino chifukwa madzi a m'nyanja anasefukira mpaka pachulu paja, koma mpunga wokha tinakolola. Mbuzi yanu yakuba ija yaswa ana awiri, ndipo onse atengera make.

Tsopano zinazo. Ndinadwala, amayi, chifuwa chachikulu. Chinayamba nthawi yopuntha mpunga, ine n'kumati ndi fumbi chabe. Pokafika kuchipatala ku Zomba ndinali nditatheratu, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Anandipatsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, komanso chiponde cha m'timapaketi chomwe amapatsa odwala owonda. Anamwino anandiuza kuti mankhwala paokha sangandidzutse. Anati ndizidya mazira, nsomba, nyemba ndi masamba otendera, ndiponso ndiziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Zonsezo ndinavomera ndi mutu. Koma paja ndine mwana wanu. Ndikatsegula chiponde, Mwayi, chitsiriza wanga uja munamusiya akukwawa, ankaima patsogolo panga n'kumandiyang'ana m'kamwa. Ndani angameze? Ndinkanyambita kamodzi, chotsalacho n'kugawira ana. Mazira ndinkasiyira nkhuku kuti ifungatire. Bambo a Mwayi akabwera ndi mlamba kuchokera kudoko la Kachulu, ndinkapakulira iwo, kenako ana, ine n'kutsala ndi msuzi. Akandifunsa, ndinkayankha ndi mawu anu omwe aja: "Idyani, ine ndadya kale."

Mukuwakumbuka mawu amenewo? Ife tinakula nawo. Ndinkakhulupirira ndithu kuti mumadyera kukhitchini. Zoona zake ndinazidziwa tsiku lomwe tinkapita nanu kuchipatala, pamene ndinakunyamulani ndekha kukukwezani panjinga, osapempha wondithandiza. Munali opepuka ngati dengu lopanda kanthu. Adokotala anati malungowo anali wamba, koma thupi lanu linalibe magazi olimbana nawo.

Mwezi wachiwiri nditakakwera sikelo, sikeloyo sinasunthe. Anamwino anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndili ndi ana angati. Ndinati atatu. Iwo anati, "Ndiye kuti chiponde chathu chikunenepetsa anthu atatu. Mayi, mukapita kumanda, ana amenewa aziwaphikira ndani?" Ndinakwiya njira yonse yobwerera. M'minibasi ndinkangoti mumtima, ameneyu sanaberekepo.

Koma amene anandithyola si anamwino ayi. Ndi Elube wanga, mdzukulu wanu woyamba, amene tsopano ali Sitandade 5. Lamulungu lina masana ndiwo zinachepa, timatemba towerengeka. Ndinamuona akukankhira mbale yake kwa alongo ake, napukuta m'manja, n'kunena kuti, "Idyani, ine ndadya kale." Amayi, mawuwo, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali inu. Ndipo ndinkadziwa kuti chidzukireni sanalawe kanthu. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, ndipo ndinakukwiyirani. Inde, ndikunena poyera. Ndinakwiyira inu, n'kudzikwiyiranso ndekha. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi waphunzira kale bodza lathu, ndipo amene wamuphunzitsa ndine.

Chiyambire tsiku limenelo zinthu zasintha pakhomo pano. Tonse timadyera pamphasa imodzi. Bambo a Mwayi poyamba ankaona zachilendo, koma nditawafotokozera za Elube anangosendeza mbale yawo pakati. Ndiwo ndimagawa aliyense akuona, ndipo gawo langa ndi la Elube silichepa kuposa la wina. Chiponde ndimadya paketi yonse, Mwayi alire asalire. Ndimamuuza kuti ndi mankhwala a amayi, n'kumupatsa nthochi. Zimandiwawa, koma ndimameza. M'mawa ndimadya dzira ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Mtengo wa cham'mwamba munadzala kuseri kwa bafa uja, umene tinkangomangirirapo mbuzi, lero masamba ake ndi ndiwo zanga.

Kuyenda ndinayamba ndi kufika pamjigo pokha, n'kupuma kawiri panjira, mtima ukugunda ngati ndathamanga. Kenako ndinayamba kufika kutchalitchi. Dzulo ndinakafika kudambo, kumunda wathu wa mpunga, n'kubwerera osakhala pansi. Azimayi anzanga akuti wodwala wanji woyendayenda popanda chifukwa, ena akuti Esinati masiku ano akudya ngati mwamuna. Anene, pakamwa ndi pawo. Inu nomwe munkati walira mvula walira matope. Ine ndikufuna moyo, ndiye matopewo ndiwaponda.

Sabata yatha sikelo inasuntha, makilo atatu athunthu. Anamwino aja anandiwombera m'manja, ndipo ine manyazi anandigwira chifukwa cha zomwe ndinawanenera mumtima. Mankhwala atsala a miyezi iwiri, ndipo sindinadumphitseko ngakhale tsiku limodzi. Mvula ikakhazikika ndikufuna kuwokera mpunga ndi manja angawa.

Amayi, zanu zambiri ndazisunga. Nyemba za kalongonda ndimaphika monga munandiphunzitsira, kutaya madzi mpaka kuwawa kutatha. Nyimbo zanu zopunthira mpunga ana akuzidziwa. Ndikudziwa kuti munkadzimana chifukwa chotikonda, ndipo ndikuthokoza. Koma ife tinkafuna inu kuposa chidutswa cha mlamba chija. Mawu aja ndikukubwezerani, akhale komweko, Elube asakule nawo.

Ndikukulonjezani kuti mankhwala akatha ndidzabwera wapansi kudzalambula pamanda panu, ine ndi Elube. Tidzanyamuka titakhuta. Mukadzatifunsa ngati tadya, tidzati tadya kale, ndipo ulendo uno zidzakhala zoona.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Esinati