Kandege kaja ndakatseka, amayi

Amayi anga,

Ndati ndikulonjereni. Kaya kumeneko mukudzuka bwanji? Ine mwana wanu Limbani ndilipo kuno ku Croydon, kungoti chisanu cha chaka chino chatipweteka. Mathiramu, masitima a m'tauni amene ndimakonza ku ntchito, akumafika m'mawa atayera mbee ngati awathira ufa. Manja akadali ndi mphamvu, koma bondo lakumanja layamba kudandaula ndikamakwera masitepe.

Ndiyambe ndi za kumudzi, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene mungayambe kufunsa. Chichokereni inu, pakhomo akusunga ndi achemwali a Esinati. Mtedza wa m'munda wa kumtunda unabereka bwino, koma chimanga anakolola chochepa, mvula inadula chili pa kumasula. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, malume a Jailosi akhomanso. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri, ndipo achemwali akukana kuigulitsa ngakhale ikuwathera masamba kudimba.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Tiyamike wachira, mwana wamkazi. Amutcha Takondwa. Akukhala ku Woolwich m'nyumba zosanjikizana zija, iye ndi mwamuna wake Dalitso, mnyamata wa ku Chipata amene munamuvinira pa ukwati uja. Kamwanako kali ndi chipumi chanu chenicheni. Kakakwinya nkhope ndimangoona ngati kandifunsa chifukwa chimene sindinavale juzi.

Nkhani inayi ndi yolemera kuilemba. Amake Tiyamike anasamukira ku Edmonton. Anati akufuna kuyandikira chipatala chimene amagwirako, chifukwa ulendo wodutsa London yense ukawonjezera pa shifiti unkawatha. Poyamba ankabwera akapuma. Kenako anadzatenga makina awo osokera, ulendo wina anadzatenga makatani a kuchipinda. Sitinakangane, amayi. Timalonjerana bwinobwino pa foni ngati anthu opemphera tchalitchi chimodzi. Nyumba ino tsopano imandikulira, moti ndimayatsa wayilesi ndikangolowa kuti pakhale wina wolankhula.

Koma chimene ndakulemberani makamaka ndi kandege kaja.

Mukukumbuka mutabwera ku ukwati wa Tiyamike, ndinakutengerani ku famu ya mzungu wina kunja kwa tauni, kumene amatchetcha udzu kuti tindege tathu tizinyamukirapo? Ndinatsegula shedi ndili ndi matama, poti ndinali nditakamanga ndekha zaka zambiri, chitsulo ndi chitsulo. Inu munakazungulira, munagwira nsalu ya phiko, munayang'ana timipando tiwiri tija tili pamtetete popanda khoma kapena denga, n'kunena kuti, "Ndegeyo ndi imeneyi? Iyitu ndi njinga ya kabaza, yangomera mapiko." Ndinkaganiza kuti muchita mantha. Koma munakwinya chitenje, n'kukhala pampando wakumanja, n'kuti, "Tiye, liza."

Ndinakana. Kunkazizira, inu munali mukutsokomola kale, ndipo kumwambako mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Munandiyang'ana nthawi yaitali musanatsike. "Chabwino. Ukakafolere kaye, nyumba yopanda denga sitiitaniramo alendo. Ndidzakwera ulendo wina." Munabwerera kwathu, ndipo mvula isanathe chifuwa chija chinakutengani.

Nditabwerako ku maliro ndinakhala nthawi osapitako ku famu kuja. Tsiku lina Loweruka ndinangodzuka, n'kutenga tepi yoyezera, n'kukwera galimoto. Paja munkati manja anga sakhala pansi ngati a nyani wakuba chimanga.

Ntchito yake sinali yamasewera. Ndinayamba ndi makatoni, kudula ndi kumata, kuti ndione mmene kanyumba kotchinga timipando tija kangakhalire. Kenako ndinapinda timapaipi topepuka, ndinapanga mafelemu a denga ndi a zitseko ziwiri. Kutsogolo kunafunika pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi. Yoyamba ndinaipinda mwaphuma m'galaja mukuzizira, inangoti phwa! pakati. Ndinakhala pa ndowa n'kumaiyang'ana, ndipo ndinamva mawu anu aja a pamene ndinkang'amba mapepala a sukulu ndi labala: "Chikakukanika usalimbane nacho, pita ukamwe madzi ubwerenso." Ndinakamwa tiyi. Yachiwiri ndinaitenthetsa pang'onopang'ono ndi hita, inagonja yokha.

Kumbuyo ndi m'mbali ndinakuta ndi nsalu yonga ya mapiko. Apa m'pamene ndinawasowa amake Tiyamike, chifukwa nsalu ya mapikoyo tinakoka limodzi kalelo, iwo uko ine uku, akundiseka kuti ndimasoka ngati ndikumanga thumba la makala. Ulendo uno mbali inayo ndinkaigwiritsa ndi zopanira zovala.

Kuno sungangosintha ndege n'kuuluka. Kunabwera mkulu woyendera tindege totere, bambo wachikulire wosaseka. Anayeza kulemera kwake, anagwedeza zitseko, n'kundiuza kuti loko wa chitseko chakumanja angatseguke m'mwamba. Ndinakonzanso. Anatinso ndiike kachida kochenjeza ngati utsi wa injini ukulowa, poti munthu ukadzitsekera utsiwo umakugoneka osadziwa. Atabweranso anavomera, koma anati maulendo oyamba ndiuluke ndekha.

Ndinauluka m'mawa wina mu Januwale, minda yonse ili mbuu ndi chisanu. Amayi, m'katimo munali mofunda. Kwa nthawi yoyamba ndinauluka m'nyengo yozizira zala zanga ndikuzimva. Koma pali chinthu chimene sindinachiganizire. Kale mphepo inkandiwomba kumaso, kukokera jekete uku ndi uku, moti munthu sunkapeza mpata woganiza. Tsopano munangoti zii, injini ikulira kumbuyo ngati ili kwa aneba. Ndinkamva kupuma kwanga. Ndinayang'ana kumanja, mpando uja uli ndi lamba wake womanga bwinobwino, wopanda munthu.

Kupuma komweko kunandipangira ngozi. Nthunzi inayamba kugwira pulasitiki ya kutsogolo, pang'onopang'ono mpaka dziko lonse linasowa. Ndinapukuta ndi golovesi, inabwereranso. Ndinatera ndikusuzumira pa kampata kamene ndinkapukuta ndi chigongono, ndipo kandegeko kanadumpha ngati chule kasanaime. Sabata yotsatira ndinaboola timazenera tiwiri tolowetsa mpweya, vutolo linatha.

Kulakwitsa kwanga kunali kumufotokozera Tiyamike nkhaniyi ngati yoseketsa. Sanaseke. Mukudziwa kuti amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo akakwiya Chingerezicho chimathamanga. Anati ndine gogo tsopano, ndigulitse chinthucho. Anati, "Adadi, mukufuna Takondwa adzakudziweni pa chithunzi?" Ndinamuuza kuti ndinakatseka n'cholinga choti ndizitengako anthu, kuti mwina iye angakwere tsiku lina. Anati ngakhale nditakamangira khonde ndi bafa sadzakwera. Kuchokera tsiku limenelo mafoni ake anachepa, ndipo inenso ndinkachita manyazi kuyimba.

Tinakaonananso pa ubatizo wa mwana. Kunyumba kwawo kunadzaza anzawo achinyamata, nkhani zawo za ntchito ndi za lendi, onse m'Chingerezi. Amake Tiyamike anali kukhitchini, tinapatsana moni wa m'manja. Ine ndinakakhala pakona pafupi ndi zenera, ndipo pamenepo ndinapeza munthu wina amene analinso yekha. Anali asewere anga, mayi ake a Dalitso, amene anabwera kuchokera ku Chipata kudzathandiza kulera khanda. Dalitso ndi mzime wawo, choncho ndi achikulire ndithu, msinkhu wake ngati wanu. Anali atavala majuzi awiri ndi duku, akuyang'ana mtsinje kunja.

Ndinawafunsa mmene akuonera London. Anati, "Ndaiona pati, asewere? Chibwerereni ndili m'mwamba muno ngati nkhunda ya m'khola. Ana akapita ku ntchito ndimangolankhula ndi khandali. Pansi sinditsika, chikepe chija ndimachiopa, chingandipititse kwina." Kenako anatsitsa mawu. "Ndamva kuti muli ndi ndege imene ikuwakwiyitsa anawa. Imakwera anthu angati?"

Ndinati awiri.

"Wachiwiriyo ndani?"

Ndinati palibe.

"Ndiye mudzanditenge Loweruka. Chikepe ndimaopa chifukwa mulibe dalaivala."

Panali mkangano, amayi. Dalitso anati mayi ake ali ndi BP. Tiyamike sanandiyang'ane n'komwe. Koma mayiwo anati anabereka ana asanu ndi atatu popanda kupempha chilolezo kwa aliyense wa iwo, ndipo sayamba lero. Loweruka ndinawapeza atakonzeka pakhomo, kachikwama m'manja ngati akupita ku tchalitchi. Tiyamike anatiperekeza mpaka pa galimoto mwana ali kumsana. Anangowakonza mayiwo kolala ya jekete, kenako anakonzanso yanga.

Kunja kunacha bwino, kopanda mtambo, koma kozizira koopsa. Ndinawakweza, ndinawamanga lamba, ndinawaveka zomvera m'makutu kuti tizimvana, n'kutseka chitseko. Pothamanga pa udzu anagwira bondo langa lodwala lija mwamphamvu, koma titangonyamuka analisiya. Kumpoto London inkaoneka yonse, nyumba zazitali zija zitaima mu utsi ngati zitsa m'munda wotentha. Pansi pathu nkhosa zinali ngati mpunga wotayika.

"Kodi anthu onsewa amadziwana?" anafunsa. Ndinati ayi. Anapukusa mutu.

Patapita kanthawi anafunsanso kuti kwathu ndi mbali iti. Ndinatembenuza kandegeko mpaka mphuno yake inaloza kum'mwera chakum'mawa, dzuwa lili kumaso. Ndinati mukapita chonchi osakhota, mudzafika ku Chipata, ndipo mukapitirira pang'ono mudzafika kwathu ku Mchinji. Anati, "Ingoyendani choncho pang'ono." Tinayenda. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi, ya Chinyanja chawo, ndipo m'kanyumba kaja inkamveka bwinobwino. Kakanakhala kosatseka sindikanaimva.

Mafuta sakanatilola kupita kutali, ndinayenera kubwerera. Pokhota ndinafuna kuwafunsa ngati akumva kuzizira. Sindinati asewere. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Amayi, mwafundidwa?" Mawuwo atatuluka ndinadzimva ndekha mmene ndawanenera. Iwo anadziwa, poti Dalitso anali atawauza za inu. Sananditembenukire. Anangoyankha akuyang'ana kutsogolo kuti, "Ndafundidwa, mwana wanga. Wamanga bwino."

Ndinatera bwino tsiku limenelo, ngakhale maso sankaona bwino, ndipo ulendo uno sinali nthunzi.

Asewere anabwerera ku Chipata kumapeto kwa mwezi watha, nthawi yawo yokhala kuno inatha. Ndinawaperekeza nawo ku bwalo la ndege. Akuti akuuza mudzi wonse kuti anayendetsa ndege ku Ulaya, ndipo ine sindikuwatsutsa. Tiyamike sanasinthe maganizo, akuti ndigulitsebe, koma wayambanso kuyimba. Lamlungu lapitali anabwera ndi mwana kuno, anakhala mpaka madzulo, n'kundisiyira chakudya cha masiku angapo mu fuliji. Atapita ndinapeza kasokosi ka Takondwa pansi pa tebulo. Sindinamuuze, ndikufuna adzakatenge yekha.

Mpando uja ulinso wopanda munthu. Ndimaulukabe Loweruka kukacha bwino, ndipo ndimalankhula Chichewa mokweza m'mwambamo, za mvula, za bondo, za zimene ndadya. Ngati mumamva phokoso lina lake chakumpoto, musadabwe, ndine.

Chilimwe chikubwerachi ndibwera kumudzi. Ndagwirizana ndi achemwali kuti timange manda anu mvula isanagwe, ndipo simenti yake ndidzaponda ndekha ndi manja angawa, sindidzalemba aganyu. Ndikadzamaliza ndidzakhala pambali panu tsiku lonse, ndikuuzeni zotsala zimene sizikanakwana papepala.

Mupereke moni kwa abambo. Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Limbani