Tadala Wagwada pa Chipale ku South Bend

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Ife ku Indianapolis tadzuka bwino, kungozizira.

Mdzukulu wanu Tadala anamva nthano kusukulu, ya mtundu wa Abenaki, eni nthaka ena a kuno. Akuti kunali zimphona zodya anthu, zomwe kale zinali anthu koma mitima inasanduka ayezi. Mayi wina chimphona chitamufikira sanathawe. Anangoti, "Mwafika, bambo anga," n'kuchipatsa chakudya chamoto. Chinafatsa.

Ndiye anandifunsa m'Chingerezi ngati amalume ake a Yohane mtima wawonso unasanduka ayezi, poti chichitikire maliro a bambo athu sayankha foni ya aliyense.

Loweruka tinadiraiva mpaka ku South Bend, kumene a Yohane amakhala. Ndinagogoda, achimwene osatsegula, galimoto yawo ili panja. Tadala, amene salankhula Chichewa, anagwada pa chipale chofewa pompo n'kunena m'Chichewa kuti, "Odi amalume, tabweretsa futali." Anatsegula. Aonda kwambiri. Anadya mbale yonse.

Akuti akuimbirani Lamlungu. Chonde musawafunse chimene analekera kubwera kumaliro. Mungoti, "Mwana wanga."

Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Esinati