Kamera ya Padenga la Bambo

Ivalo, 9 Disembala

Okondedwa achimwene Reijo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tampereko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno dzuwa latitsanzika kale, tidzalionanso mu Januwale, ndiye ntchito yanga yafika pachimake.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndikuyankheni mosapsatira: Bambo sakupita kunyumba yosungirako okalamba. Inu mwangomva za m'maluwa kuti anagwa. Ine ndinapitako, ndinawapeza akudzikazingira okha nsomba, uku akukangana ndi wailesi monga mwa masiku onse.

Mwina simudziwa chimene anakwerera padenga. Kafukufuku wanga wa moto wakumwamba uja, kuwala kumene kumavina mumlengalenga usiku kuno kumpoto, amafuna makamera awiri otalikirana. Onse akajambula kuwala kobiriwira komweko nthawi imodzi, ndimatha kudziwa kuti kuli patali bwanji kuchokera pansi. Kamera imodzi ili kuno kuntchito, inayo ndinaiika padenga la sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi kaja, kwa Bambo ku Nellim, kumene kulibe magetsi a mumsewu. Chipale chofewa chikagwa n'kukwirira galasi lake, kamerayo imasanduka yakhungu, choncho Bambo amalipukuta mdima ukangoyamba. Chimwalirireni Mayi, ndi ntchito yokhayi imene imawavalitsa nsapato. Anzawo kusitolo amawatcha pulofesa, iwonso n'kumavomera mopanda manyazi.

Makwerero ndi amene anaterereka. Bondo linatupa, koma palibe chinathyoka. Kamerayo ndaitsitsa, tsopano ili pamtengo wolekeza m'chifuwa, pakati pa munda wa mbatatesi. Anakwiya nazo kwambiri.

"Iwe Tuovi, wandiona ngati nkhalamba eti? Kapena wakutuma mkulu wako uja, bwana wa mataye?"

Mawa lake anapitabe, akutsimphina, kansanza kali m'manja.

Tsopano izi zikhale za awirife. Kuntchito anandipatsa kachipangizo kotenthetsa galasi kuti chipale chizisungunuka chokha, popanda munthu wopukuta. Ndinathokoza mwaulemu, n'kukatsekera m'kabati. Zithunzi za ku Nellim zimabwera zoyera kuposa zakuno, ndiye palibe amene angandifunse. Mantha ndili nawo, sindikana, pakuti munthu wa msinkhu wawo kuyenda pa ayezi si masewera. Koma chimene chimandiopsa koposa ndi kuwaona atakhala pawindo mumzinda, atasamba, atadya, popanda chilichonse chowadikira panja. Pamenepo ndiye tikhoza kuwataya chisanu chisanathe.

Mundiperekere moni kwa alamu a Sirkku, ndipo muwauze ana kuti azakhali awo awasowa. Lamlungu mukawaimbira Bambo, chonde musayambe ndi za bondo. Muwafunse ngati kumwamba kunayaka dzulo, kenaka mungokhala chete, mumvetsere mawu awo. Akamaliza, ngati angamalize, mundilembere n'kundiuza ngati ameneyo ndi munthu wokamusiya kwa okalamba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Tuovi