Kasuba Wakana Kukwera Bwato

Kwa iwe Katebe, ku Mufulira,

Wandichititsa manyazi. Anesi akuyimbira foni kasanu, iwe osayankha, ngati akukufuna ndi apolisi. Ndiye ndati ndikutumizire pepala, poti pepala sungalizimitse. Akundilembera ndi a Chibale, mlonda wa pachipatala pano, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga.

Moni ndikupatsabe, poti ndinakubala. Uli bwanji kumigodiko? Chifuwa chija chinatha? Kuno ku Chilubi tilipo. Madzi adzaza, chinangwa cha kumunsi chamira, ndipo pakhomo akusunga ndi mlongo wako Mwansa.

Ine pakhomopo ndinachokapo masabata atatu apitawo. Ndili m'nyumba yodikirira, pambali pa chipatala, ndi mkazi wako Kasuba. Muli amayi apakati khumi ndi awiri, kuphatikiza ife owadikirira, chipinda chimodzi, mafuwa awiri. Ukatembenuka pogona umapepesa munthu.

Ine amene ndinalandira theka la chilumba chino m'manja mwangamu, lero ntchito yanga ndi kutunga madzi. Boma linati azamba tisiye. Nesi wamkulu pano, a Mumbi, mchombo wawo ndinadula ndine, koma ndikayandikira chipinda chochirira amati, agogo, malire anu ndi pakhonde. Ndimawayankha kuti tsiku limene ankabadwa sanandiuze za khonde.

Sabata yatha anamuyeza Kasuba, napeza kuti mwana wagona chopingasa. Akuti pano sangathe, apite kuchipatala chachikulu kutsidya akamuchite opaleshoni matenda asanayambe. Bwato la injini la odwala limabwera Lachinayi lokha. Linabwera, linabwerera lopanda iye.

Wakana, ndipo chifukwa chake ndi iwe.

Bana Kunda, mayi ogulitsa nsomba aja, anabwera ndi nkhani yoti anakuona pamsika ku Mufulira ndi mkazi wovala wigi, mukusankha nyama ngati banja. Analankhulira pamafuwa, aliyense akumva. Wina mpaka anaseka, ati mwamuna wa kumigodi ndi khasu lobwereka, limalima paliponse.

Kasuba akuti ndi inchila. Mwambowu ukuudziwa: mwamuna akayenda kunja mkazi ali ndi pakati, mwana amatseka njira, ndipo satsegula mpaka mwamunayo atatchula maina pamaso pa mkazi wake. Akuti mpeni wa adokotala sungadule chimenecho. Akuti kuli bwino afere kwawo kusiyana ndi kukafera kutsidya pakati pa alendo.

A Mumbi anandiitanira kuseri, ati agogo, inu amakumverani, kamuuzeni akwere. Koyamba kundipempha kanthu! Ndinapita nditatukula mapewa. Ndinati mwananga, kwera bwato, za inchilazo tidzaziona pobwera. Kasuba anandifunsa kuti, amayi, amene munandikhazika pamphasa tsiku la ukwati wanga n'kundilangiza zimenezi, si inu nomwe? Ndiye munanama liti, tsiku lija kapena lero?

Msampha ndinatchera ndekha, lero wandigwira mwendo.

Tsono imva chimene sindinauzepo munthu. A Chibale alumbira kuti chithera papepala pano.

Kasuba akusamba, ndinamugwira mimba ndi manja angawa, anesi osaona. Sananame. Mutu uli kunthiti, miyendo kunthiti inayo. Zotere ndinakumana nazo katatu pa uzamba wanga wonse, ndipo katatu konse ndinati ndi inchila. Amuna awiri anatchula maina, wina mpaka asanu, akulira ngati mwana. Wachitatu anali a Lwando, amene anali chigonere miyezi isanu ndi iwiri ndi mwendo wothyoka, osatuluka ndi pakhomo pomwe. Tinawapanikiza mpaka anatchula dzina la mkazi wosalakwa kuti tiwasiye.

Amayi atatu onsewo tinawaika m'manda pamodzi ndi ana awo. Ine ndinkangouza anthu kuti maina anachedwa.

Sindikunena kuti makolo anali opusa. A Chibale, lembani bwino pamenepo. Ndikungoti manja anga sanatembenuzepo mwana wogona chotere, ndipo maina nawonso sanamutembenuzepo.

Udzafunsa kuti bwanji osamuuza Kasuba zimenezi. Mkazi wa a Lwando amene tinaika uja anali mayi ake aang'ono, amene ankamubereka kumbuyo. Ndiyambire pati? Ndipo ngakhale nditalimba mtima, adzati nkhalambayi ikuikira kumbuyo mwana wake. Mawu anga kuno atha mchere. Kuchoka sindingachoke, kumuchiritsa sindiloledwa ndiponso sindingathe, kumunyamula sindingamunyamule. Ndimangokhala pakhonde lija n'kumayang'ana madzi.

Dzulo Kasuba anayamba kudandaula msana. Akuti palibe kanthu, koma ndinamuona atagwira mtengo wa mango, atatseka maso. Ine zimenezo sindifunsa kwa nesi. Masiku atsala ochepa.

Kalatayi ndapatsira Bana Kunda omwewo, poti pakhomo pako akupadziwa bwino kuposa ine mayi ako. Usawatukwane. Ukawauze akuluakulu a kumgodi kuti kwanu kuli matenda. Akakana, mgodiwo suthawa, unalipo iwe usanabadwe.

Upereke moni kwa amalume ako a Chishala ndi ana awo, koma pepalali usawaonetse. Mulungu akusunge panjira, pagalimoto ndi pamadzi pomwe.

Ufike Lachitatu, Katebe. Usatumize chitenje, usatumize mawu, ubwere wekha ndi miyendo yako. Udzagwade pamaso pa mkazi wako. Ngati wa wigiyo alipo, udzamutchule dzina. Ngati palibe, udzalumbire akukuyang'ana m'maso. Ine ndidzatuluka panja, sindikufuna kumva. Ukatero udzamugwire dzanja, ukwere naye bwato la Lachinayi, ukakhale pakhomo pa opaleshoni mpaka utamva mwana akulira.

Atatu ndinaika aja akwana. Wachinayi asakhale wa m'nyumba mwanga. Nyamuka.

Ndine mayi ako,
Bana Katebe
Chala changa ndadinda apa, kuti usati a Chibale apeka.