Kadzidzi wa m'foni wathawitsa azakhali

Aphungu,

Lero kwacha ndi chiperoni. Nkhungu yaphimba phiri, malata akudontha, ndipo ndikungomva mabelu a akabaza akutsikira ku Milepa. Chomwe sindikumva ndi nyimbo ya azakhali anga a Bernadetta, omwe amaimba akamasesa m'mawa. Anathawa pakhomo Loweruka, ndipo wowathawitsa ndine.

Ndili Folomu 3. Sindiyankhulayankhula. Pa buleki ndimakhala pakona n'kumangoyang'ana anthu, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Kadzidzi. Poyamba linkandiwawa, kenako ndinayamba kulikonda.

Mwezi watha achemwali anga a Eluby, omwe amagwira ntchito ku Limbe, anandisiyira foni yawo yakale. Anatiikiranso tonse pulogalamu ya mapu yoti tizionana komwe aliyense ali. Aliyense amaoneka ngati kadontho kabuluu kokhala ndi dzina. Ine potokosatokosa ndinapeza poti ukhoza kusintha kadonthoko n'kuikapo chithunzi. Ndinafufuta dzina langa, n'kuikapo kadzidzi wa maso aakulu achikasu. Anakongola, Aphungu.

Loweruka m'mawa azakhali anatsegula foni kuti aone ngati achemwali afika kuntchito. Ndinangomva, "Mayo ine! Alamu, bwerani mudzaone! Kadzidzi watera pa nyumba yathu!" Amayi anatuluka kukayang'ana padenga, osaona kanthu. Azakhali anati, "Ndiye zoopsazo. Maso sakumuona, koma foni yamugwira."

Ine sindinaulule kuti ndine. Azakhali anamanga zovala m'chitenje, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze pa njinga kwa anzawo a kwaya, kuseri kwa chipatala. Foni yanga inali m'thumba. Tili m'njira anayang'ananso, n'kuyamba kundiwomba pamsana: "Palasa, mwana iwe! Akutilondola! Ali pa ife pomwe!" Ndinapalasa mpaka tcheni chinaguluka. Nditawasiya n'kubwerera, anaimbira amayi kuti kadzidzi wabwereranso kunyumba, ndipo iwo sapondako mpaka atachoka. Kusukulu salola mafoni, ndiye foni ndimaisiya, ndipo tsiku lonse kadzidziyo amangokhala phee pa nyumbapo.

Tsopano amayi akuti adulitsa mtengo wa mango wa pabwalo, poti mwina ndimo amabisala. Achemwali anangoseka pafoni: "Ndikudziwa kuti ndiwe. Wayamba wekha, umalize wekha."

Aphungu, pakhomo pano munthu amene ndimacheza naye ndi azakhali okha. Ndikaulula, ndikuopa kuti sadzandiyankhulanso. Ndingomufufuta mwakachetechete? Dzulo amayi anabwera kuchokera kudimba, mng'ono wanga Denis anabwera kuchokera kumpira, nkhuku zonse zinalowa m'khola. Azakhali sanabwere.

H.L., Milepa, Chiradzulu

Mwana wanga H.L.,

Ndaseka mpaka tiyi wanditayikira, makamaka pa tchenipo. Koma tsopano tikhale pansi, chifukwa azakhali ako sakuseka. Akugona pa mphasa ya eni ali ndi mantha enieni. Iwe ukudziwa bwino lomwe zimene anthu athu amaganiza kadzidzi akatera padenga.

Kusintha kadontho sikulakwa. Kulakwa kunayamba pamene unawamva akulira iwe n'kukhala chete, n'kuwapalasanso pa njinga.

Usamufufute mobisa. Ukatero azakhali adzabwera, inde, koma adzakhala akufunsa kuti anamutuma ndani, ndipo tsiku lina chala chidzaloza mnansi wosalakwa. Nkhani zotere zapasula maubale ambiri.

Yamba ndi amayi ako lero lomwe, nkhwangwa isanakhudze mangowo. Kenako tenga foni upite kwa azakhali, kadzidzi akadali pomwepo. Ukawapatse moni bwinobwino, uwapemphe atsegule mapu awo, ndipo iwe uyende mpaka kumsewu n'kubwerera. Aone okha kuti mbalameyo ikuyenda ndi thumba lako. Iwe suyankhulayankhula, ndiye miyendo ikuyambire. Koma pakamwa pamalize: "Azakhali, ndinali ine. Ndinaopa kunena. Pepani." Ukanene zimenezi poduka mphepo, osati pamaso pa a kwaya onse, kuti asachite manyazi.

Akalipa, ndipo mwina pamsana pakuwawanso. Pirira. Munthu amene amacheza nawe pamene ena amangokupitirira sakutaya chifukwa cha chithunzi.

Akatsitsa mtima, bwezera dzina lako pamapupo, ndipo uwapatse foniyo asankhe okha chithunzi chatsopano. Kadzidzi wakoyo umujambule kumbuyo kwa kope la Bayoloje. Kumeneko saopsa munthu.

Ndikuchenjeze ziwiri. Mapu oonetsa komwe uli akhale a pabanja basi. Usalowetsemo aliyense amene wangokumana naye pa intaneti. Chachiwiri, konzeka mtima: azakhali ako akhoza kusankha mbuzi. Akatero usatsutse. Ukhale mbuzi mpaka mango apse.

Aphungu