Mikanda pamsana pa nsomba

Mwanza, Tanganyika
Ogasiti, 1953

Okondedwa achimwene a Omari,

Salaam aleikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga ndi ana. Kaya abambo mwendo uja ukuwalola kutsikira kudoko? Kaya amayi chifuwa chinawasiya? Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah, kungoti manja ali matuza okhaokha. Musaseke. Nkhafi yandikumbutsa kuti zaka zonsezi ndimagwira kaukonde kopepuka ngati nthenga.

Inde, ndati nkhafi. Khalani pansi, muitanenso abambo, chifukwa kalatayi ndikufuna muwawerengere osadumpha mawu.

Mukudziwa ntchito yomwe ndakhala ndikugwira kuthengo kuno, ija munandipatsira dzina loti Mgwirantchentche. Timagwira kashembe, ntchentche yoluma ng'ombe ija, kumupaka kadontho ka utoto pamsana, n'kumusiya apite. Abambo atamva anati mwana wawo wapenga, ati msodzi sagwira chinthu n'kuchitaya, ndipo kuyambira pamenepo moni wawo unasowa m'makalata anu. Zinandiwawa, achimwene, sindibisa. Ndinalephera kuwalongosolera kuti timatero pofuna kudziwa kuchuluka kwa akashembe m'thengomo. Ukabwereranso kukagwira n'kupeza ambiri ali ndi utoto, ndiye kuti gulu lonse ndi lochepa. Ukapeza wautoto mmodzimmodzi, ndiye kuti alipo osawerengeka.

Chaka chino ntchito ija inatha kudera kwathu, thengo analigwetsa. Anatiuza kuti tizimanga katundu. Ndinadziona ndikutsika sitima pa Chipoka, anthu n'kumakodolana kuti wantchentche uja wabwera chimanjamanja.

Koma Mulungu ndi wamkulu. Kunabwera mzungu wina wofufuza za nsomba, amene tinamutcha Chipewa chifukwa cha chipewa chake chonga lichero. Iyeyu anati vuto lake ndi lomwe lija la anzake a kashembe. Akufuna kudziwa kuti nsomba zatsala zochuluka bwanji m'nyanja ya kuno, koma pansi pa madzi saonapo. Anati nzeru yake ndi imodzimodzi, masamu akenso ndi omwewo, ngakhale ofufuza mbalame kwawo amaziveka mphete kumwendo n'kuzisiya ziuluke. Kenaka anafunsa ngati pakati pathu pali wodziwa bwato. Anzanga onse ndi akumtunda, madzi amawaonera m'chitsime. Ine ndinaimika dzanja mpaka phewa linalira.

Ananditenga mondiyesa. Anandiuza poyera kuti akuluakulu ake amupatsa mpaka nyengo yozizira ithe. Nsomba zathu zikapanda kuonekanso, ntchito itsekedwa, iye azipita kwawo, inenso kwathu.

Nsomba yake kuno amati ngege, koma achimwene, ndi chambo chathu chenicheni, mpaka minga ya pamsana. Timaigwira ndi khoka, ine n'kuboola pang'ono pachipsepse cha pamsana, kumangapo kamkanda ndi kawaya, n'kuibweza m'madzi isanatope. Doko lililonse lili ndi mtundu wake wa mkanda. Tsiku loyamba dzanja linakana kutseguka. Nsomba yonona ili m'manja, ine ndiitaye? Ndinamva mawu a abambo m'khutu momwemo. Ndinatsinzina n'kuisiya.

Mesenjala wa boma anazungulira m'madoko kulengeza kuti wogwira nsomba ya mkanda abweretse mkandawo kwa ife. Tinadikira. Zii! Mwezi unatha, wina n'kulowa, osabwera ngakhale umodzi. Chipewa anayamba kuonda, nati mwina wayayo akupha nsombazo. Ine nthochi zophika za kuno, zomwe kale lomwe sizindikomera, zinasiya n'kutsika komwe.

Tsiku lina ndikugula ndiwo pamsika wa kudoko ndinaona ngege ili ndi kabowo pachipsepse, penipeni pomwe ndimaboola ine. Nditafukula m'dengumo ndinapezanso ina. Mayi wogulitsayo, a Nafisa, poyamba anati sakudziwapo kanthu. Nditawanyengerera ndi Chiswahili changa chotsimphina, anandinong'oneza kuti asodzi akuzigwira ndithu, koma akudula mikandayo mwamantha. Ati ndi zithumwa, pali mfiti ina kutsidya ikufuna kukokera nsomba zonse kwawo. Kulengeza kwa mesenjala kuja kunangowonjezera mantha, ati boma likufuna kudziwa amene wakhudza chithumwa.

Ndinaseka mpaka misozi, msika wonse kundiyang'ana. Si ife tomwe amenewa? Mukukumbukira abambo atawotcha matchera atsopano chifukwa chopezapo kansanza kofiira, kenaka n'kudziwika kuti anamangapo ndi mlongo wathu Habiba posewera?

Lachisanu titaswali ndinapempha shehe kuti ndiyankhule ndi anthu panja pa mzikiti. Ndinali nditabwera ndi chimanga choyera, chambiri m'dengu, chochepa m'kambale. Ndinadetsa ndi makala dzanja limodzi n'kuthira m'dengu, linanso chimodzimodzi m'kambale, n'kusakaniza. Ndinauza msodzi wina wachikulire kuti atape atatsinzina. Kuchokera m'dengu munatuluka takuda towerengeka, kuchokera m'kambale dzanja lonse linali bii. Ndinamufunsa ngati sangadziwe komwe kuli chimanga chambiri pongoona zili m'manja mwake. Mkuluyo anagwira pakamwa. Apo ndinawauza onse kuti nsomba za mikanda zili ngati chimanga chakudacho, n'zowerengera chabe, komanso kuti mfiti yawoyo ndine, mwana wa msodzi wa ku Nyasa, ndipo ndinatulutsa waya ndi mikanda m'thumba.

Shehe anayang'anitsitsa mikandayo. Anadzuka, kulowa m'nyumba mwake, n'kutuluka ndi chikho chimene anakhuthulira pamphasa. Mikanda, achimwene! Yofiira, yobiriwira, yoyera, yathu yomwe! Asodzi amaibweretsa kwa iye kuti aiwerengere dua, mapemphero ochotsa tsoka, iye n'kumangoisunga posowa chochita nayo. Ndipo poti chithumwa munthu saiwala pomwe anachitola, aliyense amakumbukira bwinobwino malo amene anagwira nsomba yake. Anayamba kulimbirana kundiuza, wina uku wina uku.

Ndinathamanga ndi chikhocho ngati wakuba. Chipewa ataona anakuwa, n'kuponya chipewa chake m'mwamba mpaka chinakagwera m'nyanja, tinachita kukachivuula ndi nkhafi. Nsomba zathu sizinafe ayi. Zina zinasambira kuchoka padoko lathu mpaka kuzilumba zakutali. Ntchito sinatsekedwe, ndipo ine andilemba kukhala kapitawo wa gulu la m'bwato. Zoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, lero ndazivomereza. Ndasangalala, achimwene, moti ndikumadzipeza ndikuimba ndekha pamsewu ngati woledzera, chonsecho mowa sindiudziwa.

Kuno ndakumana ndi mwana wa a Abdulkarim a ku Khombedza, akugwira ntchito pasitima ya panyanja. Wanenepa, makolo ake asade nkhawa.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Chipewa akuti mvula ya chaka chamawa ikatha akufuna kukayesa ntchito yomweyi pa chambo cha kwathu, cha kumadzi a ku Mbenji, ndipo ine ndidzamutsogolera. Akufuna msodzi wamkulu amene anthu amamumvera, kuti za zithumwa zisadzachitikenso. Ndamutchulira abambo. Mukandipemphere kwa iwo, achimwene, inu amakumverani. Sindikufuna bwato lawo lokha. Ndikufuna chambo choyamba cha mkanda adzachibweze m'madzi ndi dzanja lawo, doko lonse likuona. Akakana musawakakamize, koma muwauze kuti zimene mwana wawo anataya zabwerera, zadzaza chikho.

Moni kwa amayi, muwauze kuti sindisiya swala. Moni kwa alamu anga a Zuleka, kwa amalume ndi akunyumba kwawo, kwa Habiba wa kansanza kofiira ndi amuna ake, ndi kwa ana onse. Poyankha, ngati abambo anena kanthu, ngakhale moni wokha, mulembe monga anenera. Ndaudikira nthawi yaitali.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane padoko.

Ine mng'ono wanu,
Mustapha,
uja mumati Mgwirantchentche, lero msodzi